Mpeni Wakuda wa Amake Tiwonge

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, makamaka kwa munthu amene waphunzitsa sayansi zaka makumi awiri kuno ku Chama.

Tsiku lomaliza mkazi wanga, amake Tiwonge, ali bwino, anali pakhonde akudula repu ndi mpeni wawo wakuda, umene wosula wa ku Tembwe anapanga ndi sipuling'i ya galimoto. Atamaliza anaupukuta pachitenje, n'kuupaka kadontho ka mafuta ophikira. Mawa lake tinapita kuchipatala. Ndinabwerako ndekha.

Patapita miyezi, mwana wathu Tiwonge, nesi ku Lundazi, anaimba foni. "Adada, ndibwera Loweruka. Pa zinthu za amama ndifuna mpeni chabe."

Ndinauyang'ana mpeniwo, ndinaona litsiro. Mwana wanga atenge chinthu chakuda chonchi? Ndinaukwecha ndi mchenga mpaka unawala, n'kuuviika m'beseni la madzi kuti uyeretsetse. M'mawa unali wofiira ndi dzimbiri. Ndinaukwechanso, ndinauthira mchere ndi mandimu, ndinaubwezera m'madzi. Pofika Lachinayi unali ngati wafukulidwa kumunda.

Ndine ndemwe amene ndinkalemba pa bolodi chaka ndi chaka kuti chitsulo cha carbon chimanoleka bwino koma chimachita dzimbiri, pamene cha stainless chili ndi chromium amene amachitchinjiriza ku madzi ndi mpweya. Kuda kuja sikunali litsiro. Ndiko kunkauteteza.

Mantha anandigwira. Ndinagula mpeni wina wa stainless pamsika, wa chigwiriro chamtengo, n'kuufukiza pa mbaula kuti ude. Mwaye unkachoka ndi chala. Ndinaupaka polishi wa nsapato.

Loweruka Tiwonge anaulandira, anaununkhiza, n'kuuyesa pa tomato. Tomatoyo anangophwanyika.

"Adada, manje amama ankadulira ndiwo kapena ankapukutira nsapato?"

"Wakalamba, mwana wanga."

"Wakalamba mpaka kumera malemba?"

Anaupukuta pachitenje, ndipo panaonekera mawu akuti STAINLESS STEEL.

Ndinalowa kuchipinda, ndinakatulutsa weniweniwo pansi pa matiresi. Tiwonge anauyang'ana, anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. M'nyumba muno munali musanamveke kuseka chichitikire maliro.

"Ndinu munandilepheretsa mayeso a zitsulo mu Grade 9, adada!"

"Unalemba molakwa."

"Koma sindinaviike."

Anatenga phulusa ndi kansalu, anachotsa dzimbiri lonse, anaunola pamwala wa kuseri kwa khitchini. Anadula anyezi atatu osachita phokoso, anauumitsa, n'kuupaka mafuta.

"Mpeniwu ufuna kugwira ntchito tsiku lililonse. Mukatha, pukutani. Udzadanso wokha."

Dzimbiri la pa bolodi ndi la m'beseni n'zosiyana ndithu.

Lamlungu anakwera basi ali ndi wa polishi uja m'chikwama. Wa amake anausiya patebulo langa.