Timadontho tomwe tinaitanitsa ankhoswe

Mpaka lero ndikamva belu la njinga kumbuyo kwanga ndimayang'ana pansi, manyazi ake sanathe. Zinachitika m'zaka za Chitaganya, ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, ndikuthyola tiyi pa esiteti ina chakufupi ndi Limbuli.

Amuna anga ankacheka matabwa a mkungudza ku Chambe, ndipo akakwera phiri ankatha miyezi osatsika. Ulendo wina anabwera nakhala pakhomo masabata angapo. Atatsala pang'ono kubwerera, ndinaona timadontho ta magazi pansalu. Ndinadabwa poti masiku anga anali asanakwane, koma ndinati magazi ndi magazi. Ndinaika mikanda yofiira pamphasa kuti bambowo adziwe, ndipo ndinapempha mlamu wanga Esinala, mlongo wawo amene anabwera kudzacheza, kuti andithirire mchere m'ndiwo (mkazi ali kumwezi sathira mchere, angadule anthu). Mawa lake panalibe kanthu. Mkuja panalibenso. Ndisanadziwe chochita ndi mikanda ija, amuna anga anatsanzika nkhope ili yakugwa.

Mwezi unatha, winanso unatha, ine osaona kanthu. Fungo la tiyi m'dengu linayamba kundichititsa nseru. Ndinkati ndi malungo, koma amayi atandiyang'anitsitsa anati, "Malungo ake ati? Iwe uli ndi pakati."

Esinala atamva anawerenga zala. "Mchere uja ndinathira ndine. Achimwene anachoka mkazi ali kumwezi. Nanga mimbayi yagwa ndi mvula?" Uthenga anaupatsira amtengatenga a matabwa a ku Likhubula, ndipo amuna anga anatsika phiri utuchi uli m'mutu.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Amalume anati, "Mwana wanga, nena zoona. Chichokere amuna ako, ndi mwamuna uti anakuyandikira?"

Vuto linali lakuti inenso ndinali nditawerenga zala zanga, ndipo zinkagwirizana ndi za Esinala. Ndinayamba kudzikayikira ndekha. Kapena pali njira ina yotengera mimba imene anainena kuchinamwali ine ndikusinza? (Ndinkasinzadi.)

"Kuyandikira kwake kotani, amalume?"

"Kuyandikira basi!"

Ndinaganiza, ndinaganiza. "A Makwinja," ndinatero. "Anandikweza panjinga pochokera kumsika. Pamtsetse ndinawagwira m'chiuno."

Anthu onse anati hii! A Makwinja anali mkulu wa mpingo, waimvi mbuu, wogulitsa nsomba zouma. Anawaitana, ndipo anafika ndi akazi awo pambuyo.

"Ine? Ndinangomumvera chisoni mwanayu, anasenza thumba lolemera!" anatero a Makwinja.

"Chisoni chimenecho ine simunandimverepo," anayankha akazi awo, nawalanda njinga pomwepo.

Apa mayi Muhiwa, namkungwi amene ananditsina makutu kuchinamwali, anadzuka nandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Kumweziko unakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku lomwelo basi."

"Anali ochuluka?"

"Timadontho chabe, totumbuluka."

"Iwe mwana! Kumeneko sikusamba. Mimba ikamagwira akazi ena amadontheza choncho. Inali italowa kale amuna ako ali pompano."

"Ndiye a Makwinja mulibemo?"

Anandifunsa kuti, "Unamvapo kuti njinga yabereketsa munthu?"

Mayi Muhiwa atabwerera kukafotokozera ankhoswe, amuna anga anaseka mpaka kutsamira mtengo, pamene Esinala anangoti, "Komabe mchere ndinathira ndine." A Makwinja tinawapepesa ndi tambala. Analandira osandiyang'ana, ndipo akazi awo atawabwezera njinga, akandiona pamsewu ankapalasa ngati akuthawa njuchi.

Mwanayo anabadwa pa nthawi imene mayi Muhiwa ananena, ndipo ine ndinadziona kuti tsopano zinthu izi ndikuzidziwa. Atasiya kuyamwa, ndinaonanso timadontho. Sindinachedwe. Ndinauza amayi, ndinauza anzanga onse a pamzere wa tiyi, kuphiri nako ndinatumiza mawu akuti wachiwiri ali m'njira. Amuna anga anatsika akuimba mluzu, atagula kale nsalu ya mbereko. Pamene ankafika pakhomo n'kuti ine ndili kumwezi, kwenikweni kumene.