Ndinapatsa Khasu Mphunzitsi wa Mwana Wanga

Nkhani iyi sindiikonda. Ndikuilemba ndekha chifukwa mlamu wanga, a Muhiwa, akamaifotokoza kumaliro amawonjezera zawo.

Mwana wanga Esnart ankaphunzira zamalonda kukoleji ku Blantyre, zaka zija zipani zitangochuluka. Ine sukulu ndinalekezera kupulaimale, koma ndikudziwa chimene munthu amapitira kukoleji: kuti adzakhale pampando mu ofesi. Ndiye tangoganizani, mwana wabwera patchuthi n'kumalawirira kumsika wa Migowi, kukakhala pathumba pakati pa alimi ogulitsa nandolo.

Nditamufunsa anati imeneyo ndi sukulu yomwe. Akuti pomaliza chaka wophunzira ayenera kudziwa kumvetsera anthu, kugwira ntchito ndi anzake, kuona vuto la pamalonda ndi kulifotokoza pagulu mosanjenjemera. Akuti aphunzitsi ake abwera kudzaona ngati zimenezi akuzitha, ndipo akapanda kukhutira, iye abwereza chaka. (Kumvetsera anthu! Ine zimenezo anandiphunzitsa bambo anga ndi ndodo.) Pakamwa ndinavomera, koma mumtima ndinati mphunzitsi amakhala m'kalasi ndi choko, sayenda m'misika kutsata ana a eni.

Tsiku lina la msika ndinakwera njinga n'kukabisala kwa ogulitsa kaunjika. Ndinamuonadi: munthu wamandala, wamimba, nsapato zowala, ataima pafupi ndi Esnart. Mwana akamalankhula ndi alimi, iye ankagwedeza mutu n'kumamwetulira. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa, inenso ndinakhalapo mnyamata. Wakaunjika anandifunsa ngati ndigula buluku limene ndinadziphimba nalo kumaso. Ndinalibweza pamulu n'kuchoka.

Kwathu kuno mwini nkhani ya mwana wamkazi ndi malume ake, choncho ndinapalasa molunjika kwa a Muhiwa. Ndinawauza kuti kwabwera munthu wozembera mbeta podzitcha mphunzitsi. Iwo anati tiyambe tafunsa mwanayo. Ndinakana. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi.

Msika usanathe tinamuitanira munthuyo kunyumba, ndipo anavomera mosangalala. Esnart anayesa kundinong'oneza kuti masana omwewo alimi akudikira kuti iye akawalankhule pamaso pa aphunzitsiwo. Ndinamutumiza kukhitchini kwa amake. Mlendo sitinampatse mpando. Anakhala pamphasa, mawondo akulira. Ndinamufunsa dzina, anati Gondwe. Kwawo, anati ku Rumphi. Ngati ali pabanja, anati inde, ndi ana omwe. Ndinayang'ana a Muhiwa. A Muhiwa anayang'ana pansi.

Nditamufunsa chimene waona mwa mwana wanga, anayankha mopanda manyazi kuti ndi wolimbikira, wodekha, ndipo pa onse amene wawayendera chaka chimenecho, uyu ndiye wamusangalatsa. (Onse. Ndiye kuti analipo ambiri.)

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa khasu.

"Kuno si kwanu kolowola ndi ng'ombe, Gondwe. Kuno munthu amayamba walima munda wa eni mwana. Chinangwa ndi icho."

Analilandira ndi manja awiri. Ndinamva pambuyo pake kuti ankayesa umenewo ndi mwambo wa Alomwe wolandirira alendo, ndipo anaopa kutinyoza. Anavula jekete, napinda buluku, n'kuyamba kupalira. Amayi ochokera kuchitsime anatula zidebe pansi kuti aonere bwino. Mzere usanathe anali atadula kale mitengo ingapo ya chinangwa, thukuta lili kamukamu, m'manja muli matuza.

Esnart anatulukira ndi madzi osamba m'manja, beseni n'kumugwa. Sanalire. Anagwada patsogolo panga n'kulankhula motsitsa mawu, amalume ake ndi amayi aja akumva.

"Ababa, amene mwawapatsa khasuwo ndi amene anene ngati ndakhoza kapena ndibwereze chaka. Alimi atopa kudikira, abalalika. Tsono mundiuze inuyo, ndikalankhule kwa ndani?"

A Muhiwa anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo zili padzuwa.

Ine sindipepesa kawirikawiri, ndipo tsiku limenelo sindinapepese. Ndinangolanda khasu n'kukwera njinga. Ndinayenda nyumba ndi nyumba, mpaka mbali ya ku Jenala, kuitana alimi aja kuti abwere mawa lake. Ndinkawauza kuti panali kusamvana pang'ono. Onse anali atamva kale kuti kusamvanako kunali kotani, ndipo wina anandifunsa ngati mkamwini wa ku Rumphi angadzathandizekonso kumunda kwake.

M'mawa mwake anabwera ochuluka kuposa amene ndinawaitana. Esnart anawafotokozera chifukwa chimene ogula amawaponderezera aliyense akamagulitsa nandolo payekha, ndi mmene angachitire kuti azigulitsa pamodzi. Sananjenjemere. A Gondwe anamvetsera atakhala pampando wanga, zala atazimanga nsanza.

Mwana anakhoza. Ine sanandilankhule mpaka tsiku lobwerera kusukulu.

Patsiku lolandira digiri ndinayesetsa kukhala kumbuyo kwa anthu, koma mayi wina wovala bwino anandipezabe, napinda mawondo.

"Apongozi a amuna anga, muli bwanji? Chinangwa chathu tidzadya liti?"

Anali akazi awo a Gondwe. Ndinawayankha kuti chinauma chifukwa wopalirayo sankadziwa ntchito. Anaseka mpaka kugwira khoma. Ine sindinaseke. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti munthu ukamukayikira, uzimufunsira kutali ndi munda wako.