Mawindo Otseka Mpaka ku Manjawira

Lolemba
Ndikunena ine, akulemba ndi mwana wanga Esinati, poti maso anatha koma mutu ulipo. Mlongo wake Yohane wabwera ndi galimoto kuchokera ku Joni. Yakale, inde, koma yathu! Loweruka ndi chinkhoswe chake ku Manjawira. Tikafike mawindo ali otseka, akuchikazi adziwe kuti muli eyakoni, makina oziziritsa aja. Kavuto n'kakang'ono: sikugwira ntchito.

Lachiwiri
Makaniko wa pa boma akuti gasi wa eyakoni ya magalimoto akale anasiya kugulitsa, tisinthire ku watsopano. Akufuna mapaipi, timphira, mafuta ena, kompuresa. Kutchula kwake mtengo ngati tikumufunsira mwana! Ndamuuza kuti ine ndinagwirapo mgodi, za mpweya asandiphunzitse. Tachokapo.

Lachitatu
Katswiri tinali naye konkuno ku Biriwiri: a Saidi okonza mafiriji. Akuti, "Kuzizira n'kumodzi, madala, kaya n'kwa nyama kaya n'kwa munthu." Mawu a sukulu! Apopera gasi wa firiji. Kwazizira mpaka mawondo kuwawa. Aneba akulowamo mosinthana.

Lachinayi
Gasi wathawa yense. A Saidi akupaka sopo pa mapaipi kuti thovu lionetse pobooka. Thovu paliponse! Akulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Akuti mapaipi a ku Joni sanazolowere fumbi la kuno.

Lachisanu
Tsopano eyakoni ikuuzira mwamphamvu, koma mpweya wake ngati wa mu uvuni wa njerwa. Kabatani kozimitsira kathyokera m'manja mwa katswiri wathu. Mayi ake Yohane akuti, "Bambo, tingotsegula mawindo ngati anthu ena onse." Ngati anthu ena onse! Mwana wanga anapitira zimenezo ku Joni?

Loweruka
M'galimoto: Yohane pa chiwongolero, ine ndi suti yaubweya, mayi, malume ake, ndi tambala wokapereka kuchikazi monga mwa mwambo. Ndalamula kuti kuyambira pa boma mawindo atsekedwe, kuli maso ambiri. Dzuwa la Okutobala! Malume akupempha kampata. Ndakana.
Tafika, nthungululu zamveka, ndatsika mwaufumu suti ikudontha. Malume atulutsa tambala: khosi lendee, maso tsinzi. Wafa.
Nkhoswe ya kuchikazi ikuti, "Pepani, kuno timalandira wamoyo. Kapena kwanu mumabwera naye wophikaphika?" Thadzi lawo alikumbatira, sakupereka. Mwambo waima. Mtsikana wotomeredwayo akulira. Yohane, mwini chinkhoswe, akuthamanga kumsika kukasaka tambala wina, jekete kumanja.

Lamulungu
Chinkhoswe chinatheka ndi tambala wa kumsika wothothoka khosi. Anamulandira akuyang'ana ine. Yohane sakundiyankhula kwambiri. A Saidi adula waya, eyakoni yagona tulo tosadzuka. Kutchalitchi tapita mawindo onse ali pansi, ngati minibasi. Pobwera, la mbali yanga lakana kukweranso. Ndati alisiye choncho, mvula ikadali kutali.