Lilongwe Wina wa M'kope la Telala

Lolemba

Ndayamba kulemba buku. Ine, telala wa pakhonde pa sitolo ya a Kasamu, tsidya lino la mlatho.

Oyambitsa ndi alamu anga a Yohane, akhukhi a kumayadi. Akuti bwana wawo ali ndi buku lonena kuti maiko alipo ambiri, osanjikizana ngati nsalu za pashelefu, ndipo m'lililonse muli iwe yemweyo, kungoti zinthu zinakuyendera mwina. A Yohane sawerenga, koma amaperekera chakudya bwanayo akufotokozera alendo ake, ndiye amamva zambiri.

Ndaganiza tsiku lonse mpaka ndasoka thumba la kabudula lopanda polowera dzanja.

Zofunika:
kope (ndagula)
pensulo (ya Lute, mwana wanga, sakudziwa)
bata (palibe)

M'Lilongwe winayo ine si telala. Ndine kalaliki wamkulu ku boma, ndili ndi njinga yatsopano ndi nsapato za masiku wamba. Nditsiriza Loweruka, kuti Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndiwerengere anzanga a kwaya.

Lachiwiri

Masamba oyamba atheka. Kalaliki akuwoloka mlatho, anthu akuvula zipewa. Zokoma!

Ndalakwitsa kuwerengera a Kasamu. Amvetsera mpaka kumapeto, kenaka afunsa za sitolo yawo. Ndati ili momwemu. Asuntha mpukutu wa khaki, aubwezera pomwe unali. Ndiye akuti ngati dziko ndi lina, sitolo ikhale yosanja, ndipo mnzawo wa kutsidya kwa msewu azigulitsa mchere wokha. Ndati buku siliyenda choncho. Iwo andifunsa kuti khonde ndakhalapoli ndi la yani.

Sitolo yosanja ndalemba.

A Yohane nawo adutsa pochokera kumsika. Awo akufuna kuti kumeneko bwana wawo ndiye aziphika, ndipo azungu akafuna shuga azigulira pazenera monga tichitira ife m'masitolo mwawo. Ndalemba. Aseka mpaka dengu la bwana lagwa, mazira awiri apita.

Lachitatu

Ndawerengera Nabanda, mkazi wanga, akutola miyala m'nyemba. Za njinga wangopitiriza kutola miyala. Za sitolo yosanja waseka pang'ono. Kenaka, osakweza mutu:

"Nanga kalalikiyo anakwatira yani?"

Tsoka ilo, ndinalemba kale kuti anakwatira mphunzitsi. Ndinangofuna kuti zigwirizane ndi njinga. Koma mphunzitsi wamkazi m'Lilongwe muno tikumudziwa mmodzi yekha, ndipo madiresi ake ndimasoka ndine.

Ndafotokoza kuti kalalikiyo si ine. Akuti dzulo ndinanena kuti ndi ine. Ndafotokoza kuti ndi ine wa kwina. Akuti ndiye ine wa kwinayo azikatenthetseredwa madzi osamba kwinako.

Ndasamba ozizira.

Lachinayi

Nabanda wapita kwa mayi ake, njira ya ku Likuni. Watenga Lute ndi pensulo.

Ndabwereka ina. Zokonza:
mphunzitsi wasamutsidwira ku Karonga
kalaliki wakwatira Nabanda, ukwati wa m'tchalitchi
Nabanda ali ndi nsimbi yakeyake, sabwereka

Madzulo ndikufika kunyumba ndapeza apongozi abwera okha. Akhala kuseri kwa khitchini, atatembenukira kumpanda. Ine ndakhala kuno pakhomo, monga mwa mwambo, tikuyankhulana modutsitsa khoma. Ndakonzeka kudzudzulidwa.

Za mphunzitsi sanatchule n'komwe. Akuti amva kuti ndikulemba dziko lina. Ndiye afunsa ngati m'dzikomo muli Sitefano, mwana wawo amene anapita ku Walale, kunja kwa dziko lino, kukafuna ntchito Nabanda akadali mtsikana, osalembako kalata mpaka lero.

Ndati atha kukhalamo.

Ndalemba pomwepo, kope lili pabondo. Sitefano akutsika basi pa depoti, sutikesi m'manja, bulangete lofiira paphewa, akufunsa njira ya kwawo chifukwa mitengo yakula. Ndawerenga mokweza. Kenaka akuti ndimunenepetseko, anali wowonda kwambiri pochoka. Ndamunenepetsa. Akuti ndiwerengenso.

Ndawerenganso. Anyamuka osatsazika, ndamva akumina panjira.

Lachisanu

Nkhani yamveka. Pakhonde anthu ndi ambiri kuposa nthawi ya fodya, koma wobweretsa nsalu palibe.

Zopempha za lero:
wogulitsa usipa akufuna lole
mlonda wa pamsika akufuna mano ake
mayi wina akufuna mwamuna wake yemweyo, koma wosamwa
mesenjala wa ku boma akungofuna mpando

Kalaliki wanga sanaonekenso m'buku kuchokera pa ukwati wake wa dzulo. Malo atha.

Pali munthu wina wa malaya wamba koma nsapato zake ndi za boma. Sanapemphe kanthu. Wangofunsa mwaulemu ngati m'Lilongwe winayo muli Chitaganya, boma la azunguli lophatikiza maiko atatu. Ndati sindinafike pamenepo. Khonde lonse layankha m'malo mwanga kuti mulibe, wina mpaka wawomba m'manja.

A Kasamu alowa m'sitolo, atseka chitseko chimodzi.

Dzuwa lisanalowe kwabwera a Sajeni Mbewe. Akuti mawa m'mawa ndikaonekere ku polisi, pamodzi ndi dzikolo.

Loweruka

Ku polisi. Benchi yolimba. A Sajeni akufunsa, mzungu wakhala pambali akumwa tiyi.

Mafunso awo:
Lilongwe ameneyu ali mbali iti?
Amalowera msewu wa Dedza kapena wa Dowa?
Tcheyamani wake ndani?
Amakumana tsiku lanji?

Ndafotokoza za nsalu za pashelefu. A Sajeni alemba kuti ndikukana kuloza njira.

Afunsa amene anandiphunzitsa zimenezi. Ndikatchula a Yohane, ntchito yawo yatha, ndipo Nabanda, mlongo wawo, sabweranso. Ndati ndinalota.

Mzungu wafuna kumva tsamba lija la azungu ogula shuga pazenera. A Sajeni amumasulira pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, koma pamene bwana wa a Yohane akupsereza mpunga mawu awo anjenjemera. Apempha kukamwa madzi. Akhalitsako.

Aitanitsa a Kasamu ngati mboni. A Kasamu alumbira kuti sitolo yosanja sanaipemphe, saifuna, ndipo amachita chizungulire akakwera makwerero. Koma anenanso kuti ine ndine telala chabe, mutu wanga sufika pa ndale, ndipo mayunifomu a sukulu akudikira. Sindikudziwa ngati ndithokoze.

Andimasula masana. Kope latsala, akuti lipita ku Zomba.

Pondiperekeza pachipata a Sajeni anong'ona kuti aliwerenga lonse, ndipo vuto lake ndi limodzi: mulibe wapolisi. Akuti m'dziko lotero sajeni wokhalitsa pantchito akadakhala insipekitala.

Ndati ndamva.

Lamulungu

A kwaya adikira pansi pa mtengo. Ndawauza kuti buku lili ku boma. Akuganiza kuti boma laligula. Sindinawatsutse.

Nabanda wabwera, Lute kumbuyo kwake. Sananene kuti wakhululuka. Wangoti mayi ake amuuza kuti munthu amene wabweretsa Sitefano sasiyidwa yekha. Za nsimbi wamva kwa a Yohane. Akuti ikanakhala yamakala, osati yoika pamoto.

Ndikuganiza za kalaliki uja. Kumene aliko, mwina naye wagula kope, akulemba za telala wina wa pakhonde. Akadandifunsa ndikadamuuza kuti asawerengere munthu.

Apongozi abwera nawo. Akhalanso kuseri kwa khitchini. Akuti aganiza bwino: Sitefano wafika, wanenepa, koma sangakhale mbeta pa msinkhu umenewo. Pali mtsikana wina kumudzi, wolimbikira kumunda.

Ndawauza kuti kope lili m'manja mwa apolisi.

Kuseriko apongozi ayankha:

"Ndiye mukawauze a Sajeniwo alembe okha lisanapite ku Zomba. Dzina la mtsikanayo ndi Esinati."

Ndipita mawa, ndisanatsegule makina.