Chala cha Bambo Panjerwa

Lolemba

Ndayamba! Kanjira kochokera pakhomo mpaka kudimba la amayi kuseri kwa nyumba, mapazi makumi awiri basi. Chaka chatha anaterereka m'matope popita kukathyola chibwabwa, mwezi wathunthu ali gone ndi chiuno. Chaka chino ayi. Mvula isanagwe, njira ikhale itatha.

Zomwe ndili nazo:
- njerwa za khitchini yakale ya malemu bambo, inagwa yokha
- chingwe ndi zikhomo
- wilibala ya ba Mweemba, aneba athu (tayala likulira ngati mbuzi)
- tchuthi cha sabata imodzi

Amayi ali pampando, akungondiyang'ana.

Lachiwiri

Kugogoda dothi lakale panjerwa. Dzuwa la kuno ku Linda lilibe chisoni, mutu ukuwira. Ndaona chinthu: njerwa iliyonse ili ndi kadzenje pakati, chala chachikulu cha bambo. Ankaumba okha akaweruka kunjanji, n'kumadinda iliyonse ikadali yaiwisi kuti wakuba asadzakane. Ndalowetsamo chala changa, chikuchepa. Ndakhala pansi kaye.

Ndiziyala kadzenjeko kali m'mwamba, phazi lizigwira bwino. Mutu ulipo!

Lachitatu

Ba Mweemba pampanda: "Neba, nipempako zibili chabe, bedi yapendama." Wilibala ndi yawo, ndikana bwanji? M'malo mwa njerwa ziwirizo, atenga zisanu ndi imodzi. Masana mayi wogulitsa tomato pakona wanyamula zinayi zoikapo tebulo, akuti amayi amuloleza. Ndawafunsa amayi. "Bambo ako sankamana munthu." Zoona, koma bambo sankathamangitsana ndi mvula.

Mapazi asanu atheka. Okhota pang'ono.

Lachinayi

Maliro nyumba yachitatu kuchokera pano. Azimayi a mpingo afika, akufuna mafuwa a miphika ikuluikulu. Za maliro munthu sakaniza. Ndawatutira ndekha pawilibala, maulendo atatu! Amayi ndiwo akusankha: "Tenga izi, n'zolimba." Dzulo kugawa, lero kugawa. Njira ndi yawo yomwe, nanga changu chogawachi n'chachiyani?

Lachisanu

Kumanda m'mawa. Njerwa zabwerako theka, zakuda bii, zina zobenthuka. Zina akuti zikupsinjabe tenti. Ndasintha mapulani: sindiyalanso mothithikana, ziwiriziwiri motalikirana ngati miyala yowolokera mtsinje. Mitambo yayamba kuunjikana cha kumathithi. Msana, mayo ine!

Loweruka

Yatha! Yowonda, koma yafika pachibwabwa penipeni. Ndathira mchenga, ndasesa, ndayendapo kanayi manja ali kumbuyo ngati bwana. Ndaitana amayi kuti adzaitsegulire. Aima pakhomo ndi ndodo yawo, ayang'ana pansi nthawi yaitali. "Wagwira ntchito," atero, n'kubwerera m'nyumba.

Madzulo mvula yoyamba. Timaenje tonse tadzaza madzi, mzere wonse mpaka kudimba.

Lamulungu

Tabwerako kutchalitchi. Amayi atenga lichero, ulendo wa kudimba. Ine pawindo, kudikira kuti ndione ntchito ya manja anga. Akuyenda m'mbali mwa njira, m'matope momwemo, ndodo ikumira! Ndatuluka chothamanga.

"Iwe, zaka zonse zija sindinapondepo ngakhale malaya a bambo ako. Lero ndiponde chala chawo? Kumoto zipite, pansi pa bedi zipite, koma pansi pa phazi langa ayi."

Ndati nditembenuza zonse, chalacho chiyang'ane pansi.

"Uwagoneke chafufumimba m'matope? Zisiye choncho."

Kani n'chifukwa chake ankazigawa. Sabata yonse ndakhala ndikufunsa chingwe, osawafunsa eni njira. Manyazi andigwira. Ndipo bambo ndawasowa lero kuposa tsiku lomwe tinawaika.

Ndavula nsapato za kutchalitchi, ndawagwira mkono. Tayenda tonse m'matope pang'onopang'ono, njira ili kudzanja lathu lamanja. Zikuyendapo ndi nkhuku za ba Mweemba.

Mawa ndikubwerera kuntchito. Ndawauza amayi kuti asamapite kudimba mpaka nditaweruka. Avomera msanga kwambiri.