Phulusa la a Shaba

Mpaka lero ndikaona phulusa lomwazidwa pakhomo, miyendo imayamba kundiyabwa yokha. Nkhaniyi ndi yochititsa manyazi, koma poti anthu a ku Edingeni anaiona ndi maso, kukubisirani inu n'kudzivuta chabe.

Ananditumiza kukakhala hedi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Edingeni, ine mwana wa ku Ndirande amene ndinali ndisanakhaleko kumudzi. Kumeneko ndinapeza wachiwiri wanga, a Shaba, amene anagwirizira mpandowo ine ndisanabwere. Anandilandira ndi manja awiri, mpaka kundinyamulira chikwama. Pomwepo ndinayamba kuwakayikira. Munthu woti wamulanda mpando angakusekerere bwanji choncho? Galu wamkota sakandira pachabe, ndinatero mumtima.

Pamsonkhano woyamba wa aphunzitsi ndinalalikira ndithu. Ndinati mtsogoleri weniweni amafunsa asanaweruze, ndipo za matsenga sindikufuna kuzimva pa sukulu pano, chifukwa ine ndine munthu wa sayansi ndi pemphero. (Mawu amenewa muwasunge bwino.) Anawomba m'manja, ndipo amene anawomba kwambiri anali a Shaba. Zimenezonso sizinandisangalatse.

Akazi anga anali atatsala ku Blantyre, choncho mayi Shaba ankanditumizira chakudya: mbatata, chambiko, nthawi zina kanyama. Ine ndinkathokoza mwaulemu, kenako n'kukapatsa galu wina wongoyendayenda pa sukulupo, n'kukhala pakhonde kumuyang'anitsitsa. Galuyo m'malo mofa ankangonenepa. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo, koma ine ndinati mankhwala ake ndi aja amachita kutchula dzina.

Mvula itayamba, m'mawa wina ndinasuzumira pawindo n'kuona a Shaba ali chiweramire ndi chidebe, akumwaza phulusa kuzungulira nyumba yanga. Kwathu ku Ndirande phulusa timalidziwa potsukira mapoto basi. Atachoka ndinatuluka, n'kudumpha mzere wa phulusawo ndi miyendo yonse iwiri, tayi ali m'khosi, kuti ndisauponde.

Ku ofesi anandipeza akumwetulira.

"Mwawuka uli, a hedi? Phulusa lija mwaliona? Musalisese, ndapota, chifukwa..."

"Ndaliona, a Shaba. Ndaona zonse," ndinawadula, n'kutseka chitseko.

Loweruka munthu wa sayansi uja anavala chipewa chophimba nkhope, n'kukwera kabaza kupita kwa sing'anga wa mudzi wakutali. Ndisanamalize kufotokoza, mkuluyo anali atagwedeza kale mutu kuti zoona, pali wina wa kuntchito akufuna mpando wanga. Anandipatsa chithumwa cha kansalu kofiira chomanga m'chiuno, n'kundilamula kuti ndikasese phulusa lonse. Ndinasesa, n'kutsukapo ndi madzi.

Kenako ndinaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi ndi komiti ya makolo, Lolemba pansi pa mtengo wa mango, kuti ndiwayalutse a Shaba. M'mawa wa tsikulo ndinaima mu udzu kuseri kwa nyumba, pomwe ndinasesa paja, ndikuyeserera mawu anga. Ndinaimapo nthawi ndithu osayang'ana pansi. Amene mumalidziwa linthumbu mukudziwa khalidwe lake: limakwera mwakachetechete, likafika malo oyenera ndiye limaluma lonse pamodzi.

Anthu atakhala pansi ndinaimirira, n'kutsokomola mwaukulu.

"Pali anthu ena pano amene amaseka nawe masana, koma..."

Choyamba chinandiluma kuseri kwa bondo. Ndinalimba mtima, poganiza kuti mankhwala a a Shaba ayamba kulimbana ndi anga.

"Koma mumtima mwawo... mayo!"

Apa zinaluma paliponse, ngakhale malo amene hedi satchula. Ndinadzimenya ntchafu, ndinadumpha, ndinazungulira ngati wovina ingoma wopanda chishango. Wapampando wa komiti, mayi NyaTembo, ndi amene anazindikira msanga.

"Linthumbu limenelo! Vulani buluku, adada, musachite manyazi! Azimayi, tiyang'ane uko!"

Ena anayang'anadi uko, ena ayi. Ndinathawira kuseri kwa mtengo, koma mtengowo sunali wonenepa ngati ine. Buluku litatsika, kansalu kofiira kaja kanali lende pachingwe chake, poyera.

Amene anathamangira kudzanditchinga ndi jekete lawo anali a Shaba. Anagwada n'kuyamba kundizula linthumbu m'miyendo.

"A hedi, phulusa lija mwasesa?"

"Ndinasesa."

"Aa, mbwenu. Nyumba ija ili panjira ya linthumbu, mvula ikangoyamba limabwera, ndiye phulusa ndi limene limalitchinga. Ine ndinagonamo, linanditulutsa chomene."

Kenako maso awo anagwera pa chithumwa. Anachiyang'ana, anandiyang'ana, n'kukokera malaya anga pansi kuti chibisike.

"Sayansi yanu ikuonekera, a hedi," ananong'ona.

Ndinamva chisoni kuposa ululu wa linthumbu. Munthu amene ndinabwera kudzamuvula pagulu ndi amene anali kundiveka.

Nditabwerera pampando, nditakulunga chitenje cha mayi Shaba, mayi NyaTembo anafunsa mwaulemu wonse:

"Tsono adada, anthu ena aja oseka masana ndi anjani?"

Ndinayang'ana a Shaba. Anali kupukuta mawondo a buluku lawo.

"Ndimanena linthumbu, mayi. Tikambirane za linthumbu pa sukulu pano."

"Yewo," anatero mayiwo, nkhope ili gwa. Tinakambiranadi za linthumbu mpaka msonkhano kutha, ndipo palibe amene anaseka kufikira nditakhota pakona.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinkalalikira za kufunsa, koma funso lalifupi loti "phulusali ndi la chiyani?" linandikanika, chifukwa yankho ndinali nditalikonza kale ndekha. Chithumwa ndinataya m'chimbudzi, a Shaba ndinawapepesa, ndipo masiku ano chambiko cha akazi awo ndimamwa mpaka kunyambita kapu. Galu uja ndiye waonda. Amakhala pakhonde n'kumandiyang'anitsitsa ndikamadya, osaphethira, ndipo kunena zoona ndayamba kumukayikira.