Nyimbo Imene Inavinitsa Geti la ku Nkana East

Amene akuti ine NaBanda wa ku komboni ya Twapia ku Ndola sindingapeke nyimbo chifukwa sukulu ndinalekezera Giredi 2, abwere ndi mpando wake akhale apa. Makamaka inu alamu anga aNaZulu, amene mumasekera m'chitenje, chitenje chimene ndi changanso, munabwereka pa ubatizo wa mdzukulu wanga Tisa ndipo musayese ndinaiwala.

Sukulu yanga ya nyimbo inali minibasi. Zaka zonse zimene ndinkapita ku tauni kukaoda tomato ndinkakhala kumbuyo kwa dalaivala, khutu pa sipika, ndipo nyimbo iliyonse yotchuka ndinkaisenda ngati chinangwa kuti ndione za m'kati. Kalindula inandiphunzitsa kuti nyimbo iyambe ndi miseche kuti anthu atchere khutu, ndipo ng'oma igunde m'chiuno osati m'mutu. Rumba ya ku Congo inandiphunzitsa kutchula anthu maina pakati pa nyimbo, pakuti munthu akamva dzina lake miyendo imamuukira. Za anyamata a masiku ano zinandiphunzitsa kuti korasi ikhale yaifupi ngati chipongwe, yoti ngakhale kondakitala wa matsire aigwire, ndipo izibwerera msanga munthu asanakumbuke mavuto ake. Mukumva? Chimodzi chokha chinandiphonya: mathero. Ine ndinkatsika nyimbo ili pakati, ndipo ulendo ukatalika kondakitala ankaidula n'kuika ina. Ndinkangoti nyimbo sizitha, anthu amangozisiya.

Tsono Esnati, chitsirizira wanga, anatomeredwa ndi Yohane, mwana wa Mayi Chirwa a ku Nkana East ku Kitwe. Mayi Chirwa amenewa ndi mkulu wa mpingo, thupi lowongoka ngati mtengo wa magetsi, ndipo chibadwire sanavinepo ngakhale chala. Kale amuna athu ali pa mgodi tinkakhala makomo oyandikana, iwo n'kubwereka mbaula yanga tsiku la mvula, n'kusamuka nayo.

Linafika tsiku la chilanga mulilo, lija akuchikazi amanyamula zakudya kukaonetsa mkamwini zimene azidya m'banja. Tinadzaza lole ku Ndola, alangizi ndi ng'oma zawo, ife ndi mapoto okulunga m'zitenje, nkhuku, chikanda cha tizinangwa ta m'dambo, ifisashi ya masamba otendera, munkoyo wakumwa ngati thobwa, ndipo titatsika kwa a Chirwa n'kusenza pamutu tinapeza geti lotseka ndi loko wamkulu ngati mutu wa mbuzi. Mayi Chirwa anasuzumira pa kabowo.

"Mwana wanga sadya za ku komboni. Bwererani, mukwai."

Inu mukudziwa, zakudya zikabwerera pa geti ukwati wafera pomwepo, ndipo Esnati, amene tinamusiya kunyumba atakhala pa mphasa kudikira uthenga, akanakhala nkhani ya pa mpopi mpaka imvi. Alangizi anayamba kutula ng'oma. Ine ndinati, "Musatule. Gundani ya m'chiuno."

Ndinayamba ndi miseche monga inandiphunzitsira kalindula, za mayi wina wa geti lalitali amene moto wake woyamba anaukolezera pa mbaula ya mnzake, ndipo makatani a msewu wonse anagwedezeka. Kenaka korasi, yaifupi: "Tsegula, tsegula, mbaula yanga ili momo!" Kenaka maina monga a ku Congo, Chirwa wamkulu, Chirwa wamng'ono, Yohane, azakhali ake, wolima maluwa, mpaka galu, ndipo aliyense womutchula ankatuluka m'nyumba chammbuyo akudula chiuno, nkhope ikukana koma miyendo itavomera kale. Ndikulumbira pa korona wangayu, geti linayamba kugwedeza mapewa, loko anadzitsegula yekha kuti aombe m'manja, nkhuku yophika inadzuka mu mpoto pamutu panga n'kumavina ikuwaza supu, magetsi amene anathima m'mawa anabwera okha kudzaona chikuchitika n'chiyani, ndipo nyimbo inalowa pansi ndi mizu ya mango n'kukapeza anyamata mu mgodi, iwo n'kutaya zitsulo, chikepe chowatsitsa n'kumakwera ndi kutsika motsata ng'oma, mpaka phiri lakuda lija la zotsalira za mgodi linasendera pafupi kuti limve bwino mawu. Mukumva? Mtsinje wa Kafue unaima, n'kubwerera pang'ono, n'kufunsa kuti mbaulayo ndi ya yani.

Mayi Chirwa analimba, anagwira chipilala cha khonde ndi manja onse awiri. Ndinawatchula dzina lawo la pa utsikana, limene ndimalidziwa ine ndekha. Chiuno chinachoka chokha, iwo n'kuchitsatira.

Tinalowa. Apa ndiye panabuka mlandu, pakuti nditafuna kusiya ndinapeza kuti sindidziwa potulukira. Korasi ikatha inkaitana inzake, ine mawu anandithera koma nyimbo inapitirira yokha, alangizi manja anatupa ng'oma n'kumadziimba, nsapato za anthu zinatha n'kuyamba kutha zidendene, kapinga wa a Chirwa anasanduka bwalo la mpira, mango anayoyoka, mtengo n'kuchitanso maluwa, n'kubalanso, ife tikuvinabe. Mayi Chirwa anandidutsa akuzungulira, duku lili m'khosi.

"Asewere, imitsani nyimboyi, ndafa ine!"

"Mwati ndani? Sindinamve, ng'oma zachuluka."

"Asewere anga! NaBanda!"

Pamenepo ndinakumbuka kuti nyimbo imene ndinaimvapo ikutha bwinobwino ndi ya ku tchalitchi yokha, ndipo imatha ndi Amen. Koma Amen wa wogulitsa tomato sakanaimitsa chinthu chachikulu chotero, pankafunika wa mkulu wa mpingo. Ndinawauza m'khutu tikuvina kuti ndikamaliza mzere womaliza anene Amen, iwo anati anena chilichonse. Ndiye ndinakoka kampweya kotsala n'kuimba mzere womaliza mokweza, kuti Esnati alowe m'nyumba muno, akhale mwana wa pano, ndipo pasapezeke womutchula za komboni.

"Ameeeni!" anakuwa Mayi Chirwa.

Nyimbo inagwa pansi ngati thumba la makala. Nkhuku inabwerera mu mpoto. Phiri linabwerera kwawo mwamanyazi. Ndipo Amen ameneyo anamumva msewu wonse, a mpingo wawo, ndi a pansi pa mgodi omwe, tsono mkulu wa mpingo angabweze bwanji Amen? Yohane anadya chikanda mpaka kunyambita mbale, ndipo mbaula yanga inatuluka yokha m'kitchini n'kukakwera lole, kutsogolo.

Lero Esnati ali ndi ana ake m'nyumba yomweyo, ndipo makiyi a geti amasunga ndiye. Wokayika apite ku Nkana East Lamulungu m'mawa, ayende kumbuyo kwa Mayi Chirwa popita ku tchalitchi, anong'one kuti "tsegula", aone chimene chiuno chakumanzere chichite.

Ndipo inu aNaZulu, sekani bwino. Ndayamba kale kakorasi ka chitenje, n'kakafupi, dzina lanu likukwanamo ndendende, ndipo ku Twapia kuno kulibe mkulu wa mpingo woti adzakunenereni Amen.